Chenjezo la madzi osefukira lizitchula mudzi, mtsinje ndi kothawira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa za momwe timachenjezera anthu za madzi osefukira, popeza dzinja likayandikira timayambanso kumva pa wailesi uthenga umene tonse tinauzolowera, woti anthu okhala m'malo otsika asamukire kumtunda. Uthengawu si wabodza, ndipo sindikunyoza amene amaupereka. Nkhawa yanga ndi yoti sumuthandiza mokwanira munthu pa nthawi imene akuufunitsitsa, usiku mvula ikukhuthuka, ana ali m'tulo, iye akulingalira ngati adzutse banja lonse kapena adikire kuti kuche.

Zimene zinachitika pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023 zikuchitira umboni. Nthambi yoona za nyengo inachenjeza mtundu wa Amalawi masiku angapo namondweyo asanafike, ndipo mawailesi analengeza mobwerezabwereza. Komabe malinga ndi chiwerengero cha boma, anthu oposa 670 anamwalira, oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Ambiri mwa amene anafa mumzinda wa Blantyre sanali m'dambo kapena m'chigwa ayi, koma ku Chilobwe, m'mbali mwa phiri la Soche, kumene matope ndi miyala zinatsika kuchokera pamwamba n'kukwirira nyumba. Munthu wa ku Chilobwe atamva kuti anthu athawire kumtunda anali ndi chifukwa chomveka chokhalira phee, pakuti iye anali kale kumtunda. Zinateronso kwa Ntauchira ku Chiradzulu ndi m'midzi ya m'mphepete mwa mapiri ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ndipo sitinganene kuti ngozi ya mtunduwu inali yachilendo, chifukwa napolo anagumula phiri la Zomba mu 1946 ndiponso phiri la Michesi ku Phalombe mu 1991, kumene kunafa anthu mazanamazana.

Choncho tili ndi ngozi ziwiri zosiyana zimene tikuzichenjeza ndi mawu amodzi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi amachokera kutali. Mvula ikhoza kugwa mwamphamvu ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumwamba kwa ku Makhanga kuli mbee, koma patapita maola angapo mtsinje wa Ruo n'kufika wodzaza, n'kukakumana ndi Shire amene nayenso wadzaza kale, madzi n'kubwerera m'midzi. Munthu wa kumeneko ayenera kuuzidwa kuti asayang'ane mitambo ya pamudzi pake, koma amvere zimene anzake a kumtunda kwa mtsinje akunena, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi mpata wosamutsa ana, ufa ndi ziweto. Wa m'mbali mwa phiri alibe mpata wotere. Iye ayenera kudziwa kuti mvula ikagwa masiku awiri kapena atatu osakata, nthaka imakhuta madzi, ndipo akaona ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo itayamba kupendekeka, kasupe atatumphuka pamene panalibe, kapena kamtsinje katasanduka matope mwadzidzidzi, asagonenso m'nyumbamo. Akamva mkokomo kuphiri athawire cham'mbali, kutali ndi khwawa, osati kutsetsereka motsatira njira ya madzi. Uthenga wachiwiriwu sindiumva kawirikawiri pa wailesi, chikhalirecho m'mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe anthu akumangabe nyumba chokwera.

Vuto lina ndi chiyankhulo cha akatswiri. Tikamva kuti kugwa mvula yoposa mamilimita 100 pa maola 24, ambiri timangoti kugwa mvula yambiri basi, monga imagwera chaka chilichonse. Koma milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo kotalika mita imodzi ndi kutambalala mita imodzi. Mamilimita 100 ndiye kuti zigubu zisanu za malita 20 pa kamalo kochepa ngati kamphasa ka mwana, ndipo zikutero pabwalo ponse, padenga ponse ndi paphiri ponse nthawi imodzi. Wolengeza atafotokoza motero, ngakhale agogo amene sanapite kusukulu akhoza kuona okha kuti khoma la zidina silingapirire. Choposa pamenepo, chenjezo linene zimene mvulayo ichite, osati kuchuluka kwake kokha: kuti mtsinje wa Mwanza ukhoza kudutsa pamwamba pa msewu, kuti Likangala asawolokedwe, kuti okhala m'mphepete mwa Lingadzi ku Lilongwe kapena North Rukuru ku Karonga akagone kwina usiku umenewo.

Tiganizirenso njira imene uthenga umadzera. Zikalata zambiri za chenjezo zimayamba kutuluka m'Chingerezi pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo zimafika msanga kwa ife a m'tauni amene tili ndi mafoni a intaneti, pamene amene ali pachiopsezo chachikulu amazimva mochedwa, zitasinthidwasinthidwa pakamwa pa anthu. Komanso nthawi ya namondwe ndi imene magetsi amazima. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130, ndipo foni yopanda moto siichenjeza munthu. Chimene chimatsala ndi wailesi ya mabatire, belu la kutchalitchi, chimkuzamawu cha kumzikiti, mluzu, ng'oma ndi mnyamata wa amfumu woyenda khomo ndi khomo. Mawailesi a m'madera ayenera kulandira chenjezo nthawi imodzi ndi mawailesi akuluakulu, ndipo aliulutse m'Chisena, m'Chilomwe, m'Chiyao, m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde, potchula mayina a midzi ndi mitsinje monga eni ake amaitchulira.

M'madera ena muli kale njira yabwino imene ndikanakonda itafalikira. M'mphepete mwa mtsinje amazika mtengo kapena chitsulo chopakidwa utoto wobiriwira pansi, wachikasu pakati ndi wofiira pamwamba, ndipo pamakhala munthu wodzipereka amene amakaona pamene madzi afika n'kuimbira foni komiti ya kunsi kwa mtsinje. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo anthu amaikhulupirira chifukwa wochenjezayo amamudziwa. Imafa pokhapokha pamene bungwe limene linaiyambitsa lachoka, wodzipereka uja n'kusowa mayunitsi, mabatire a chimkuzamawu n'kutha, utoto n'kufufutika popanda woupakanso. Zinthu zazing'ono zoterezi ziyenera kukhala mu bajeti ya khonsolo chaka ndi chaka.

Pali chizolowezi china chimene ndikupempha akuluakulu athu achisiye, chonena kuti anthu a m'chigwa cha Shire ndi ankhutukumve, amakana dala kusamuka pofuna thandizo laulere. Amene anakhalako kumeneko akudziwa kuti munthu amakakamira pafupi ndi mtsinje chifukwa ndi pamene pali dimba limene limamudyetsa mvula ikavuta, ndipo kumtunda kumene akuuzidwa kuti apite kuli eni ake a malo. Amaopa kuti akachoka usiku, mbuzi, njinga ndi malata azipeza zitabedwa. Mayi amaganiza za kalasi ya sukulu mmene mudzagone mabanja ambirimbiri, chimbudzi chili chimodzi, ali ndi mtsikana wotha msinkhu. Chenjezo limene siliyankha nkhawa zimenezi limangomveka ngati lamulo la anthu amene sadzagona nawo pamsasapo. Anthu auzidwe mvula isanayambe kuti malo othawirako ndi sukulu yakuti kapena tchalitchi chakuti, kuti ziweto zidzasungidwa pakuti, kuti achitetezo a m'mudzi adzalondera katundu, ndi kuti amayi adzakhala ndi malo awoawo. Ndipo zikachitika kuti anthu anasamuka koma madzi sanafike, amene anachenjeza abwerere kukafotokoza chifukwa chake, popeza akangoti zii, ulendo wotsatira palibe adzadzuke.

Malamulo tili nawo. Lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linabwera mu 1991 pambuyo pa tsoka la ku Phalombe, ndipo latsopano linabwera mu 2023 pambuyo pa Freddy. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ilipo, makomiti a m'midzi oona za ngozizi aliponso, ngakhale ambiri timawaona pokhapokha pogawa thandizo. Ntchito yawo yaikulu iyenera kugwiridwa mu Okutobala ndi Novembala, kukadali kouma.

Komabe mabanjafe tisasiyire boma zonse, pakuti pali zambiri zimene sizilira ndalama. Banja likhale pansi n'kugwirizana kumene lidzathawire, njira imene lidzadzere mlatho ukadzakokoloka, ndi amene adzanyamule agogo, wodwala kapena waulumali, chifukwa amenewa ndi amene amatsalira pa chipwirikiti. Ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi a sukulu ndi mankhwala amene munthu amamwa tsiku lililonse, monga ma ARV kapena a BP ndi shuga, zimangidwe m'jumbo yosalowa madzi n'kupachikidwa pamalo amene aliyense m'nyumbamo akuwadziwa, pamodzi ndi tochi, machesi ndi chofunda. Ndalama yochepa ikhale mu foni m'malo mwa pansi pa mphasa. Matumba a chimanga ndi mbewu zisanjikidwe pathandala, ngalande zozungulira nyumba zikumbidwe, ndipo a m'tauni tileke kutaya zinyalala m'ngalande ndi mu mtsinje wa Mudi n'kumadabwa madzi akalowa m'nyumba. Ana aphunzitsidwe kuti madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa ngakhale munthu wamkulu, ndipo aphunzitsi asawatulutse kuti azipita kwawo pamene mtsinje wa panjira wadzaza. Madzi akaphwa ngozi imakhala isanathe, chifukwa zimbudzi zimagwa ndipo zitsime zimalowa zonyansa. Tisaiwale kuti Freddy anatipeza tili pakati pa mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700. Klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo akhale m'nyumba mvula isanayambe.

Kwa inu Akonzi, pempho langa ndi loti nyuzipepala yanu isadikire zithunzi za nyumba zogwa. Nthambi yoona za nyengo ikatulutsa ulosi wa dzinja, tumizani atolankhani anu kwa ma DC a Nsanje, Chikwawa, Phalombe, Mulanje, Zomba, Salima, Nkhotakota ndi Karonga, ndiponso ku makhonsolo a mizinda, akafunse mayina a midzi imene ili pachiopsezo, malo othawirako a mudzi uliwonse ndi nambala imene munthu angaimbe usiku. Zimene ayankhe muzisindikize m'Chichewa, boma lililonse palokha, kuti aphunzitsi, abusa, mashehe ndi mafumu akawerengere anthu awo. Khonsolo imene yalephera kuyankha muitchulenso dzina.

Ine wowerenga nyuzipepala yanu,
Blantyre