Chilengezo: Misa yokumbukira Lola pa tsiku la 40

Amayi a kwaya,

Loweruka likudzali tikukakumbukira mayi a mnzathu wa ku Philippines amene timaimba naye, agogo aja tinkangowaitana kuti Lola, monga adzukulu amaitanira agogo aakazi kwawoko. Akwanitsa masiku 40 chimwalirireni. Kwa Akatolika a ku Philippines ili ndi tsiku lalikulu. Maliro akachitika amapemphera masiku 9, mwambo umene amati pasiyam, ndipo pa tsiku la 40 banja limasonkhananso, potengera masiku 40 amene Yesu anakhala atauka asanakwere kumwamba.

Lola moyo wawo wonse unali wa pakhomo. Analera ana awo, kenaka analeranso adzukulu pamene anawo anabwera kudzagwira ntchito m'zipatala za kuno ku Britain. Amene munawaona atabwera kudzacheza mukudziwa kuti mlendo sankatuluka m'nyumbamo asanadye, ndipo kolona sinkachoka m'manja mwawo. Ine ndikuti tonse tipezeke.

Misa idzayamba 10 koloko m'mawa kutchalitchi kwathu, chakudya mu holo ya parishi. Kwaya ifike 9:15. Achibale ku Iloilo, ku Philippines, adzatsatira pa foni, kumeneko kudzakhala kuli madzulo, ndiye tisachedwe.

Aliyense apereke chipepeso cha £10 kwa msungichuma. Tengani kolona ndi buku la nyimbo. Banja liphika zakudya za kwawo, pancit ndi adobo, ife tibweretse mandasi ndi zakumwa. Tivale zakuda kapena zoyera. Zofiira ayi chonde, kwawo savala zofiira pa maliro.

Yankhani pofika Lachinayi, munene ngati mubwera ndi chimene mudzatenge.