Inu a kiliniki ya uphungu, bwezani K48,000 yanga

Ndalemba poyera pano chifukwa foni simukuyankha, mauthenga a pa WhatsApp mukungowerenga n'kukhala chete.

Ntchito yanga ndi yosefa zithunzi ndi mavidiyo amene anthu amaika pa intaneti, kuti zoipa zisafike m'maso mwa ena. Maola 8 pa tsiku ndimaona anthu akuwotchedwa ndi gulu, ana akuchitidwa nkhanza, mitembo ya pangozi. Chimene wina amatseka msanga, ine ndimayenera kuchiyang'anitsitsa kuti ndigamule. Tulo tinandithawa. Mwana wanga akalira usiku ndimadzambatuka mtima uli phaphapha, nsima ndimangotema kawiri n'kusamba m'manja.

N'chifukwa chake ndinakufunani. Ndinalipiratu K40,000 ndipo tsiku munandipatsa ndinu. Kaya ndi sabata yatha kaya inayo, ndinapempha tchuthi, ndinakwera minibasi kuchokera ku Area 25, kenako kabaza. Kupita ndi kubwera K8,000.

Mayi wa pakauntala sanadzutse n'komwe mutu pafoni yake. Akuti alangizi ali ku msonkhano ku Salima, ndibwere tsiku lina. Bwanji osandiimbira? Yankho lake linali kundifunsa mokweza, anthu ali tcheru pabenchi, kuti vuto langa n'chiyani. Nditanong'ona, anaseka: "Ndiye mwadwala ndi kuonera mavidiyo? Anzanutu akusowa ntchito kunjaku." Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera, ndinakalirira kuseri kwa mpanda wanu.

Abale amene mukuwerenga, ndiuzeni, munthu wosweka mtima amalandiridwa chonchi pamalo olembedwa kuti uphungu? Akanakhala wina amene wafika potopa ndi moyo, bwenzi lero tikukamba zotani?

Matendawa si ongopeka. Mu 2020 Facebook inavomera kulipira $52 miliyoni kwa ogwira ntchito ngati yangayi ku America chifukwa cha kuvulala m'maganizo. Mu 2022 Daniel Motaung, yemwe ankasefa zithunzi ndi mavidiyo a Facebook, anakasuma ku khoti ku Nairobi pa nkhani yomweyi. Dzina la matendawa ndi PTSD, kuvulala m'maganizo kobwera munthu akaona zoopsa, ndipo inu ndi amene mumayenera kulidziwa kuposa ine.

Tsiku lina sindikulifuna, pakhomo panu sindidzapondanso. Ndikufuna K48,000 yanga pofika Lachisanu, komanso mayi uja mumuphunzitse kulankhula ndi odwala. Mukapitiriza kukhala chete ndikukatula nkhaniyi ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo ndibwera pano kudzakutchulani dzina. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama munalandira ndikadali nawo.