Amayi, za kuponi ndamva, koma munda usagone

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja ukupitabe bwanji? Achemwali chonde muwawerengere amayi uthenga wonsewu osadumpha, ndipo mng'ono wangayo mumuitane akhale pompo chifukwa zambiri zikukhudza iye, asanamizire zoti ali ku mpira. Ine kuno ku Joni ndili bwino ndithu, kuzizira kunatha, ntchito ya m'magadeni yayambanso kuyenda popeza udzu wayamba kumera. Ndikadali ku Diepsloot komwe kuja, m'mawa ndimakwera taxi kupita ku Fourways, madzulo kubwerera, basi moyo wake ndi womwewo.

Voisi noti ya mng'ono wanga ija ndinaimva. Akuti dzina lathu silinatulukenso pa kuponi, boma latitaya, nde munda wakumtunda tingousiya chaka chino. Ndinakhala kaye osayankha chifukwa ndikanayankha tsiku lomwelo bwenzi titayambana, mtima unali m'mwamba.

Amayi, ine sindinyoza kuponi ayi. Njala ya 2002 ndimaikumbukira ngakhale ndinali wamng'ono, mmene munkatiphikira gaga ife n'kumalira kuti akuwawa, ndipo ndimakumbukiranso a Bingu atayambitsa makuponi mu 2005 chaka chotsatira nkhokwe yathu inadzadza mpaka china tinasunga kwa malume. Amene amati thandizo la boma ndi lopanda ntchito sanagonepo ndi njala, angokhuta. Matumba awiri aja anatilera ife, zimenezo palibe angatsutse.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi mmene zakhala zikuyendera. Mu 2020 AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, itayamba thumba linali K4,495 ndipo olandira anali oposa 3 miliyoni, pafupifupi khomo lililonse. Kenako linafika K7,500, kenako K15,000, uku mayina akuchepa chaka ndi chaka mpaka pofika 2023 anatsala 1.5 miliyoni basi. Kaya alitchule AIP kaya FISP, thumba la boma likunka lichepa pomwe ife tikunka tichuluka. Nde dzina lathu kusatuluka sikuti wina watilodza kapena a mfumu amatida, ndi masamu chabe, m'mudzi wa makomo ambirimbiri angapo okha ndi amene apeze. Ndipo ngakhale chaka chomwe tinapeza chija mwaiwala? Achemwali anagona pa depoti kudikira netiweki, akuti makina sakugwira, mawa akuti wabwera Urea yekha NPK kulibe, pomwe feteleza wokulitsa amafika chimanga chinali chitafika kale m'mawondo chachikasu. Akuluakulu ananena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sitingakonze ulimi wa chaka chonse podalira dzina lomwe lili mu kompyuta ya ku Lilongwe.

Pali anzanga ena kuno, makamaka amene zawayendera pang'ono agula kagalimoto, amakonda kunena pa gulu lathu la WhatsApp kuti umphawi wa kumudzi ndi ulesi basi, anthu anazolowera zolandira. Ine ndimakangana nawo mpaka ena anandiblocka kkkk. Ndimati bwerani mudzaone mayi anga, munthu amene tambala woyamba amamupeza ali kale panjira ya kudimba, m'manja muli zikang'a zokhazokha, mwana aliyense anamuphunzitsa ndi tomato ndi kachewere wa pa Lizulu, nde mundiuze kuti ndi waulesi? Kwacha itagwa ndi 25% mu Meyi 2022 kenako 44% mu Novembala 2023, ndalama zomwe munasunga mu banki nkhonde zinasungunuka muli mtulo, mafuta ophikira, sopo, mchere, thiransipoti zonse kukwera sabata imodzi, khasu lanu linalakwa chani pamenepo? Feteleza wa m'shopu anadutsa K100,000 kalekale. Chilala cha 2024 chomwe mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chinabwera ndi ulesi wa ndani? Nanga zija za K750 miliyoni ya feteleza yomwe inapita ku kampani yogulitsa nyama ku UK mu 2022, analipira ndi mlimi wa ku Ntcheu? Nanga Admarc ikachedwa kutsegula misika, mavenda n'kufika ndi masikelo awo mwezi wa Epulo anthu ali pa mavuto n'kugula chimanga pa mtengo wozizira, Januwale n'kudzatigulitsa chomwecho mowirikiza, ameneyo ndi mlandu wa mlimi? Zimenezi ndi za boma, msewu ndi wa boma, mankhwala m'chipatala ndi a boma, mtengo wa kwacha ndi wa boma, munthu ulimbikire bwanji sungazikonze wekha. Misonkho timakhoma tonse, ngakhale mayunitsi a foni ndi shuga muli msonkho, nde kufunsa boma sikupempha ayi.

Koma ndikuuzeni zomwe maso anga akuona kuno, dziko lomwe boma lake limapereka ndalama mwezi ndi mwezi. Agogo omwe ndimachita lendi pakhomo pawo amalandira penshoni ya ukalamba ku SASSA, bungwe la boma lopereka thandizo la ndalama, imaposa R2,000 pamwezi, ana ang'onoang'ono ali ndi yawo, ndipo anthu osagwira ntchito kuyambira nthawi ya Covid mu 2020 amalandira ija ya R350 yomwe anaikweza kufika R370 mu 2024. Kwathu tikamva timati aaa kumeneko nde kumwamba. Tsiku lolandira mukawaone agogowa, amadzuka kudakali mdima, chipewa chawo cha ubweya kumutu, kukaima pamzere, pobwera anyamula thumba la ufa la 12.5kg, mafuta, nkhuku ya mufiriji, agulako magetsi, alipira sosayiti ya maliro, pofika pa 15 mwezi yatha, nde amabwera kudzagogoda pa mkuku wanga, kachisakasa komwe ndimagona, kuti mwana wanga ungandipatsireko lendi msanga. Pakhomopo pali zidzukulu, pali ana awo awiri akuluakulu opanda ntchito, onse maso pa khadi limodzi la agogo. Popanda ndalama imeneyo anthu amenewa akanafa, kunena zoona, nde ndi yofunika. Koma chibwerereni ine sindinaone khomo lomwe R370 yalichotsa mu mkuku kulipititsa m'nyumba ya njerwa. Imangokugwira kuti usagwe. Ndipo sindikuwaseka anyamatawo, ntchito kuno kulibe, anthu oposa 30 pa 100 aliwonse akungokhala, ena ali ndi masatifiketi awo abwinobwino.

Ife obwera palibe chomwe timalandira. Ukadwala osapita ku ntchito tsiku limenelo palibe malipiro, ukamva kuti a Dudula, gulu lothamangitsa obwera lija, akuyenda umatseka chitseko kuzimitsa nyali, amene mapepala awo sali bwino akagwidwa ndi ku Lindela, komwe amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Lamulo limati mu 2025 munthu azilandira R28.79 pa ola koma mabwana ena akamva chilankhulo chako amadziwa kuti sukadandaula kulikonse. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni amayi, ndikufuna mng'ono wangayo adziwe komwe ma rand amachokera.

Tsopano iwe mphwanga tamvera. Ukamati boma latitaya nde munda ugone, kenako mu voisi noti yomweyo n'kumaliza ndi "achimwene mutiganizire", ukudziwa chomwe wachita? Wangosintha ofesi. Dzulo umadikira Capital Hill lero ukudikira Diepsloot, kudikira kwake ndi komweko. Chaka chatha ndinatumiza ndalama ya matumba awiri mwezi wa Seputembala mitengo isanakwere, thumba linagulidwa limodzi, inayo akuti inathandiza zina ndi zina, koma Disembala ndikuona pa status uli ndi foni yatsopano ndipo anzako omwe akundiuza kuti sabata iliyonse umabetcha mpira wa ku England. Ine kuno ndikugwada pa kapinga wa mzungu kuzula udzu ndi manja, galu wake akudya bwino kuposa ine, iwe n'kumapatsa Arsenal ndalama yanga? Uli ndi zaka 24, manja awiri, munda wa bambo ulipo, dimba lili ndi madzi chaka chonse, zinthu zomwe anyamata a kuno angazilirire. Sindikuti ulemera nazo mawa ayi, ulimi wa kwathu ndi wowawa ndipo phindu lake ndi lochepa, ndikudziwa, n'chifukwa chake ndili kuno. Koma pakati pa kukolola matumba 8 ndi kukolola ziro pali kusiyana, ndipo kusiyana kumeneko sikuli m'manja mwa nduna.

Taona azakhali a kutsidya. Iwo ali pa Mtukula Pakhomo, ija inayambira ku Mchinji mu 2006, kandalama kake n'kochepa ndipo nthawi zina kamabwera patapita miyezi. Koma kakabwera ka miyezi ingapo pamodzi iwo anagula mbuzi yaikazi, ina n'kuponya ku banki nkhonde, pano khola lili ndi mbuzi zingapo, ana amasiye aja akupita ku sukulu ndi yunifolomu, manyowa akuthira ku dimba. Popanda boma sakanaiyamba mbuziyo, anali opanda ngakhale nkhuku. Komanso pali ena m'mudzi momwemo analandira ndalama yomweyo tsiku lomwelo ikuthera pa kachasu, inu mukuwadziwa sinditchula. Nde ine mkangano woti wolakwa ndi boma kapena munthu umanditopetsa, chifukwa pa khola la azakhali zonse ziwiri zilipo.

Ndiye zomwe ndaganiza ndi izi amayi, ngati mungavomereze. Kumapeto kwa mwezi uno nditumiza pa Mukuru m'dzina la achemwali, osati la wina aliyense. Ndalamayo ndi ya thumba limodzi la NPK ndi mbewu, tsiku lomwe alandire apite akagule, risiti aijambule anditumizire. Sindingakwanitse matumba anayi, ndisakunamizeni, lendi ndi taxi zimandidya kwambiri ndipo ndikufuna chaka chino ndisungeko ya malata. Thumba limodzilo tilichulukitse ndi njira ya Mbeya ija, kusakaniza feteleza pang'ono ndi manyowa, gaga, phulusa ndi madzi n'kumanga m'thumba la pulasitiki masabata atatu, alangizi akuuzani miyezo yake bwinobwino, nde ziyambike pano mvula isanagwe osati mabingu atayamba. Manyowa mukapemphe kwa azakhali, iwe mphwanga ukawatute wekha ndi wilibala ndipo uwakonzere khola lawo likudontha lija, usakatenge ulele. Munda wakumtunda womwe mukuti ugonewo mudzalemo soya ndi nyemba, sizifuna feteleza wambiri ndipo zimakonza nthaka, chimanga chipite kumunsi kokha komwe tingakwanitse kuthira. Ndipo chonde pokolola musathamangire mavenda, ndikudziwa Epulo amawawa koma mukapanikizika ndiimbireni kaye, kuli bwino nditumize kangachepe kusiyana n'kugulitsa thumba pa mtengo wa ndowa.

Izi sizikutanthauza kuti za kuponi muzisiye. Achemwali mupite ku msonkhano wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ija, mukafunse poyera kuti mayina anasankhidwa bwanji ndipo mndandanda uwerengedwe pagulu, mayi wamasiye wa zaka zoposa 60 akusiyidwa bwanji pomwe ena a magolosale alimo. Mufunse mwaulemu koma mufunse, musamangong'ung'udza pa mjigo. Aphungu ndi makhansala akabwera ndi nsalu ndi ma T-shirt muziwafunsa za mlatho uja umakokoloka chaka chilichonse, chifukwa tomato wanu amaolera m'madengu galimoto zikakanika kuwoloka, ndipo zimenezo zimatidyera ndalama zambiri kuposa kuponi. Dzina likadzatuluka mochedwa tidzalandira ndi manja awiri, feteleza ameneyo adzapita ku dimba.

Nkhani yoti mphwanga akufuna abwere kuno ndaimvanso. Pakadali pano ayi. Ayambe waonetsa chaka chimodzi kuti angasamale munda ndi ndalama, apange pasipoti yake mwa njira yake, zolowera pa Beitbridge mozemba ine sindikufuna kumva, anthu akuvutika m'njiramo. Akakolola tidzakambirana.

Katundu ndapereka kwa malayisha anyamuka Loweruka, akafika pa Dedza akuimbirani achemwali nde foni ikhale yotchaja. Muli bulangete lanu amayi, mafuta opaka mwendo, nsapato za ana ziwiri, ndi kasola kakang'ono ka nyali. Jombo zakudazo ndi za mphwanga, ndi za kumunda osati zotchenera. Mundiperekere moni kwa malume, azakhali, ndi a mpingo onse, muwauze a kwaya kuti za yunifolomu ndamva koma adikire kaye Januwale. Lamulungu madzulo ndiimba, mukhale pafupi ndi foni.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni