Chinthu chimodzi chimabala chinzake

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu za momwe chinthu chimodzi chimaberekera chinzake, chifukwa ambirife timangoona zimene zili pamaso pathu, osafunsa kumene zachokera kapena kumene zikupita.

Mu 1928, Alexander Fleming, katswiri wofufuza tizilombo toyambitsa matenda ku London, adapeza kuti nkhungu imene idamera mwangozi m'kambale kake kofufuzira idapha mabakiteriya oyandikana nayo. Pa nkhungu imeneyo padachokera penisilini, amene Howard Florey ndi Ernst Chain adamusandutsa mankhwala enieni ku Oxford, ndipo anthu osawerengeka amene akadafa ndi chibayo kapena zilonda zamafinya adachira. Atatuwa adalandira mphoto ya Nobel mu 1945.

Koma nkhani sidathere pomwepo, ndipo apa ndi pamene pakundiwawa mtima. Chaka chomwecho Fleming adachenjeza kuti mankhwalawa akamwedwa moperewera, tizilombo timayamba kusawamva, ndipo lero zimenezi zikuchitikadi. Munthu akagula mankhwala otere popanda kuonana ndi dokotala, kapena akawamwa chifukwa cha chimfine, chimene sichichizika nawo n'komwe, tizilombo tofooka timafa koma tolimba timatsala, timaswana, kenako timafalikira kwa mwana kapena mnansi amene sadalakwe chilichonse. Iyeyo ndiye amakagona m'chipatala, madokotala atasowa chomupatsa.

Ndikupempha kuti nyuzipepala yanu izilemba za nkhaniyi kawirikawiri, ndipo izifunsa ogulitsa mankhwala chifukwa chimene ena amaperekera mankhwalawa kwa aliyense wopanda kalata ya dokotala.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa