Ku Snettisham ndinkangoganiza za iwe

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti mvula ikugwa bwino ku Zombako. Kuno ku Leicester, ku England, chisanu chafika povuta. Dzuwa likutuluka cha m'ma 8 koloko, pofika 4 koloko madzulo kwayamba kale kuda.

Loweruka lapitali mnzanga wa kuntchito ananditenga kukaona mbalame ku Snettisham, ku Norfolk, m'mbali mwa nyanja yamchere pamalo otchedwa The Wash. Malowa amawasamalira a bungwe loteteza mbalame la RSPB. Tsiku anachita kusankha. Nyanja ya kuno imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo imadzaza kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima. Ife tinapita mwezi uli mumdima, chifukwa kukakhala kowala atsekwe amachezera kudya kuminda, ndiye mbandakucha suwapeza kunyanja.

Tinanyamuka usiku ndithu. Titasiya galimoto tinayenda mtunda wa makilomita awiri mumdima, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinavala masokosi awiriawiri, koma zala zinauma moti kutsegula fulasiki ya tiyi inali ntchito.

Oyamba kudzuka anali atsekwe a miyendo ya pinki. Tinayamba kumva phokoso lawo tisanawaone, kenako anatidutsa pamutu mizeremizere, mzere uwu ukutha wina ukubwera, akulowera kumtunda kukadya zotsala m'minda ya sugar beet, mbewu yomwe amapangira shuga kuno. Amachokera ku Iceland ndi ku Greenland. Tangoganiza, chisanu chomwe ine ndimadandaula nachochi, iwo amachita kuthawira konkuno ngati kofunda!

Kenako madzi anayamba kukwera. Ankabwera mwakachetechete, kumangomeza matope pang'onopang'ono. Pamatopepo panali timbalame totuwa totchedwa knot, kamodzi kongokwana m'dzanja, tikujompha nkhono zing'onozing'ono. Madzi akasendera, ito tinkasendera, mpaka malo anatha. Apo ndiye tinadzuka tonse pamodzi, zikwizikwi. Ukukumbuka nkhungu zija tinaziona ku Nkhotakota zikukwera panyanja ngati utsi? Zinali choncho, koma utsi wake wokhota, wopindika, wotambasuka. Tikatembenuza misana mtambo wonse umada bii, tikatembenuza mimba umayera mbee. Titadutsa pamwamba pathu panangomveka mapiko okhaokha, waaa, ngati mvula ikubwera pamalata. Anthu tonse tinali pamenepo, ena ndi makamera aatali, tinangoti zii. Ine misozi inalengeza, ndipo sikuti inali ya mphepo yokha.

Timbalameto tinakatera pamaiwe ali kuseri kwa gombe, omwe ndi maenje akale okumbamo miyala. Tinalowa m'kanyumba kamatabwa kobisalamo n'kumationa ndi magalasi oonera patali, ito titapanikizana ngati miyala yoyala, kudikira madzi abwerere. Pambali pake panali mbalame zotchedwa oystercatcher, zakuda ndi zoyera, milomo yofiira ngati karoti. Ndipo ndani ndinamuona ataima yekha m'mphepete? Kakowa! Woyera yemwe uja, miyendo yakuda, zala zachikasu, akuvundula matope ndi phazi limodzi monga amachitira kwathu. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali kuposa zonse.

Anamzeze kuno kulibe tsopano, anachoka cha mu Seputembala ndi Okutobala kulowera kumwera kwa Africa, abwerera mu Epulo. Ndiye ali m'manja mwanu. Ukapeza mpata tsikira ku Kachulu m'mamawa, utenge ana, ukandionere zomwe zili pa Chilwa nyengo ino. Mtima wanga umandipweteka ndikakumbukira mulu wa mbalame zokola zomwe tinkaziona zikugulitsidwa kumeneko. Undilembere ngati zidakachulukabe m'mabango muja, ndipo ngati nkhwazi ilira uli pomwepo, undijambulire mawu ake pafoni unditumizire pa WhatsApp.

Upereke moni kwa amayi ndi onse kunyumba.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.