Inu a kampani ya maulendo, bwezani ndalama zanga ndipo mupepese bambo anga

Ndalemba pano pagulu chifukwa foni simukuyankha, pa WhatsApp mukungowerenga n'kukhala chete, ndipo ndemanga yanga yoyamba ija munaifufuta lisanathe ndi ola lomwe. Iyinso mukafuna fufutani, ndaijambula kale.

Ndinakulipirani K380,000 ya anthu anayi, aliyense K95,000: ine, ana anga awiri ndi bambo anga. Ndinayamba ndatumiza K190,000 pa foni, ina K190,000 ndinamalizitsa kutatsala masiku ochepa, monga munanenera. Mauthenga onse awiri a ndalamazo ali mufoni mwangamu. Ndalama imeneyi sindinaitole pansi. Ndinasonkha kubanki m'khonde miyezi yambirimbiri, zina ndikudzimana, kuti ndichite chinthu chimodzi chokha chimene bambo anga akhala akuchilakalaka.

Pa chithunzi chanu chotsatsira malonda munalemba zonse momveka. Kunyamuka mu Blantyre 6 koloko m'mawa pa kositala yokhala ndi mpweya wozizira. Kuima pamwamba pa chitunda cha ku Chikwawa kuti anthu aone chigwa cha Shire ndi kujambula. Kuima pa mlatho wa Kamuzu. Kulowa ku Majete mpaka pa mathithi a Kapichira, ndalama ya pageti ili momwemo. Kukaona ngalande yaikulu yatsopano ija, kenako minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Chakudya cha m'mawa ndi chamasana. Munalemba ndinu, palibe anakukakamizani.

Abale amene mukuwerenga, ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake nkhaniyi ikundiwawa chonchi. Bambo anga ali ndi zaka 76. Unyamata wawo wonse anauthera ku Nchalo, kuthirira nzimbe, nthawi imene kampani ya shuga ija inkatchedwa Sucoma. Ife tinakula tikumva za ngalande za kumeneko: za kugwira ntchito usiku udzudzu uli ng'waa, za ng'ona imene inapezeka itagona m'mbali mwa ngalande m'bandakucha, za mapampu okoka madzi mu Shire amene magetsi akangothima nawonso amati zii, minda n'kuyamba kufota. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi ku Chiradzulu, ndipo kuchigwa sanapondekonso. Ndiye anamva pa wailesi kuti boma likumanga ngalande yochokera pa damu la Kapichira, yoti madzi aziyenda okha motsetsereka popanda pampu, kukathirira mahekitala oposa 40,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Munthu amene moyo wake wonse ankadalira pampu sanamvetse. Ankangobwereza kuti, "Madzi a mu Shire kuyenda okha mpaka kumunda? Ndikadakaona ndi maso angawa." Mphepo yamkuntho yotchedwa Ana itawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linkadandaula za magetsi, iwo ankafunsa za ngalande. Umu ndi mmene mtima wawo unaliri pa chinthu chimenechi.

Anabwera kwathu ku Chirimba dzulo lake, K18,000 ya thiransipoti kupita ndi kubwera. Usiku anasita okha jekete lawo la kutchalitchi. Ndinawauza kuti, "Abambo, ku Chikwawa n'kotentha, jeketelo lisiyeni." Anati munthu sapita kukaona kwawo kwakale atavala ngati akupita kudimba.

Tsikulo linali Loweruka, chakumapeto kwa mwezi watha uja. Tinafika pamalo pamene munatiuza kusanache bwinobwino. Tinadikira. 7 koloko inakwana, 8 inakwana. Nambala yanu inkangoitana. Galimoto inatulukira dzuwa litakwera kale, cha m'ma 9 mpakana, ndipo sinali kositala. Inali minibasi yakutha, chitseko chomanga ndi chingwe, zenera lakumbuyo lomata ndi pulasitiki. Tinali anthu 15, kuphatikizapo mayi wina wa mwana kumsana ndi atsikana atatu amene anati asonkherana ndalama kuntchito kwawo. Chakudya cha m'mawa sitinachione. Mnyamata wanu wotsogolera ulendo sanapepese, sanapereke ndi moni womwe. Anangoti, "Kwerani, tachedwa," ngati ochedwetsa tinali ife. Dzina lake ndalisunga, pano sindilitchula, koma inu mukumudziwa poti munamutuma ndinu.

Aliyense amene anatsikapo msewu wa ku Chikwawa akudziwa malo aja. Umakhota, n'kukhotanso, kenako mapiri amangotseguka, chigwa chonse n'kuonekera pansi, Shire akunyezimira uku akupindikapindika, kutali uko minda yobiriwira. Bambo anga anagwira mpando wakutsogolo n'kudzutsa msana, akuloza pa zenera, akuitana adzukulu awo kuti, "Taonani, taonani, ndi uyo Shire." Anagogoda pagalasi kuti dalaivala aime. Mnyamata wanu osacheuka n'komwe, anangoti nthawi yatha, tidzaima pobwerera. Tinadutsa ngati tikuthamangitsa wodwala kuchipatala.

Titafika pa Thabwa minibasi inaima, mnyamata uja n'kutembenuka kuti mafuta achepa, aliyense asonkhe K10,000, apo ayi tibwerera pomwepo. Anthu anang'ung'udza. Bambo wina anafunsa kuti nanga K95,000 ija inali ya chiyani, yankho lake linali lakuti, "Zimenezo kafunseni ku ofesi." Pakati pa msewu, ndi nkhalamba ndi ana, ndikanatani? Ndinatulutsa K40,000. Lisiti palibe. Apa ndiye kuti mwandidya K420,000.

Pa mlatho wa Kamuzu sitinaime. Tinangoona madzi kudzera m'zitsulo, basi.

Pa Dyeratu minibasi inayamba kufuka utsi, n'kuzima. Dalaivala anatsegula, anayang'ana, anati akukafuna makaniko. Mnyamata wanu anati akukaimba foni ku ofesi kuti atumize galimoto ina. Onse awiri anasowa. Tinakhala pansi pa mtengo dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa ku Chikwawa mukukudziwa, kumene ngakhale mphepo ikaomba imakhala ngati yachokera m'ng'anjo. Mwana wa mayi uja analira mpaka mawu anasasa. Mwana wanga wamng'ono anayamba kudandaula mutu. Ndinagula madzi, mabanzi ndi tchipisi K14,500, chifukwa bambo anga amamwa mankhwala a BP ndipo sangamwe m'mimba mulibe kanthu. Chakudya chamasana chimene munalonjeza chinali kuti? Amayi ogulitsa masau ndi malambe pamenepo ndi amene anatimvera chisoni, mmodzi anabwereka bambo anga kampando kake iye n'kukhala pansi. Munthu wosatidziwa, amene sitinamulipire kalikonse.

Mnyamata wanu anabwerera patapita maola, sindikudziwanso angati, botolo la chakumwa chozizira lili m'manja, akutafuna. Bambo anga anaimirira, anavula chipewa, n'kumufunsa mwaulemu wonse. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino: "Pepanitu achimwene, kodi ngalande ija tikafikako lero? Ngakhale kungoima pang'ono, ndione."

Munthu wa zaka 76 kuvulira chipewa mwana woti ndi mdzukulu wake, n'kumutchula achimwene.

Iye anaseka. Analoza kamchera ka m'mbali mwa msewu, kodzaza mapepala ndi mabotolo, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Iwe madala, ukuvutitsa bwanji? Ngalande ndi imeneyo, taona. Ngalande ndi ngalande basi. Kwanu kulibe madzi?"

Iwe. Anawatchula bambo anga kuti iwe.

Ine chibadwire sindinamvepo munthu akuwayankhula choncho. Malemu mayi anga anakhala nawo pabanja zaka zoposa 40, sanawatchulepo iwe ngakhale atayambana. Ndinanjenjemera thupi lonse. Ndinamufunsa mnyamatayo ngati kwawo kuli akulu, iye n'kundiyankha kuti ndisamukwezere mawu, si iye anapanga injini. Atsikana aja anamukalipira, bambo wina uja anachita kugwidwa kuti asamumenye. Koma bambo anga sanayankhe kanthu. Anavala chipewa chawo, anakhala pa kampando kaja, n'kuyamba kupinda kampango kawo, kupinda, kufunyulula, kupindanso. Mdzukulu wawo anawafunsa kuti, "Agogo, ngalande ija ndi imeneyi?" Anangopukusa mutu. Kuyambira pamenepo mpaka tinafika kunyumba sanatulutse liwu.

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti tinali pafupi. Pa Dyeratu m'pamene msewu umapatukira ku boma la Chikwawa, ndipo kuchoka pa boma kukafika ku Majete ndi makilomita 20 okha kapena kuposera pang'ono. Ana anga anali ataphunzira kusukulu kuti pa Kapichira m'pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859 chifukwa cha mathithi, ndipo ankafuna kukaona malowo. Anali atamva kuti ku Majete nyama zinatheratu kalekale, koma kuyambira 2003 zinabwezeretsedwa, pano kuli njovu, zipembere ndi mikango. Wamkuluyo anatenga kope loti akalembe zimene waona kuti akawerengere anzake Lolemba. Kopelo linabwerera loyera. Nchalo nayo ili pa msewu womwewo wa M1, kungopitirira kumwera. Mukanakhala anthu oganiza mukanapeza minibasi ina pa Dyeratu pomwepo, zimadutsa zambirimbiri, n'kutifikitsa ngakhale malo amodzi. Simunayese n'komwe.

Galimoto ina imene inkanenedwa ija sinabwere. Makaniko anagwiragwira, minibasi inalira dzuwa litapendeka, mnyamata wanu n'kulengeza kuti ulendo wathera pomwepa, tikubwerera. Chitunda chija tinakwera kuli mdima. Kuima kuja ankati tidzaima pobwerera, tikanaona chiyani usiku?

Lolemba lake ndinaimba ku ofesi kwanu. Mayi amene anayankha anati abwana atuluka. Tsiku lina anati ali pa msonkhano. Kenako munanditumizira uthenga wakuti ndalama sizibwezedwa chifukwa ulendo unachitika, ndipo kuwonongeka kwa galimoto ndi ngozi. Unachitika ulendo wake uti? Ndinalipira kuti ndikakhale pansi pa mtengo pa Dyeratu? Kufa kwa galimoto ndikhoza kumvetsa, chitsulo chimafa. Koma kositala munalonjeza ija inafanso? Chakudya chinafanso? Ndalama ya pageti la Majete, poti sitinalowe, ili m'thumba mwa ndani? Nanga mwano uja, nawonso ndi ngozi?

Poyamba ndinkangopempha K380,000 yanga, mwaulemu, ndipo mukanandiimbira n'kupepesa mwina tikanamvana ngakhale pa theka. Pano ayi. Mwandidyera masuku pamutu mokwanira. Ndikufuna K380,000 ya ulendo, K40,000 ya mafuta munatilanda pa Thabwa, K14,500 ya chakudya chimene munayenera kupereka inu, ndi K18,000 ya thiransipoti ya bambo anga. Yonse pamodzi K452,500, osachotsapo ngakhale K500. Musandiuze zoti mudzatitenga ulendo wina mwaulere. Bambo anga sindingawakwezenso galimoto yanu.

Ndikukupatsani mpaka Lachisanu likubwerali, 12 koloko masana. Ikapanda kulowa, Lolemba m'mawa ndili ku CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, ndi mauthenga onse, chithunzi chanu chotsatsira malonda, ndi zithunzi za minibasi ija chitseko chili chomanga ndi chingwe. Ndikadziwitsanso a CAMA, bungwe loteteza ogula, ndi a ku unduna woona zokopa alendo, akaone ngati muli ndi chiphaso chonyamulira anthu. Zikakanika kumeneko tikaonana kukhoti la majisitireti. Musaganize kuti ndili ndekha. Mwa anthu 15 aja, 9 tili pa gulu limodzi la WhatsApp, ndipo mmodzi mwa atsikana aja anajambula kanema mnyamata wanu akuyankhula mwano uja. Mawu akumveka bwinobwino. Sindinauike pano chifukwa nkhope ya bambo anga ikuonekamo ndipo sindikufuna kuti anthu aziwaonera ali ochititsidwa manyazi. Koma iwo akandilola, Lachisanu likadutsa, muuona paliponse.

Ndaona kuti mwaikanso chithunzi chomwe chija, mukuitana anthu ulendo wina wa kuchigwa mwezi uno, mtengo womwewo. Inu amene mwalemba pansi pake kuti mukufuna malo, funsani kaye kuti galimoto yake ndi iti, ndipo musamalize kulipira musanaione ndi maso. Chigwacho n'chokongola zedi, pang'ono pamene ndinaonera pa zenera ndikuchitira umboni, pitani mukaone. Koma onani amene mukupita naye. Ndipo ngati alipo wina amene anthu awa anamuchitapo zotere, andilembere ku inbox, tipite limodzi.

Chomaliza, ndipo kwa ine ichi chikuposa ndalama. Bambo anga anabwerera ku Chiradzulu m'mawa mwake, jekete lija atalipinda m'jumbo. Pokwera basi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, pepa, ndakuonongetsa ndalama zako." Iwo kupepesa ine, pa zimene munachita inu. Ndikufuna mnyamata uja, pamodzi ndi mwini kampani, muwaimbire foni bambo anga ine ndikumvetsera. Mukawatchule kuti bambo, mukanene kuti munalakwa. Nambala yanga muli nayo, ndi yomwe ija inakutumizirani K190,000 kawiri.