Makoleji a m'madera asamangophunzitsa manja okha

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndiyankhulepo za makoleji a m'madera aja, ma community college, chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi kalekale ndipo amene wandiputa ndi mng'ono wanga yemwe akuphunzira zomangamanga pa imodzi mwa makoleji amenewa kumudziko. Tsiku lina tikucheza pa WhatsApp ndinamufunsa kuti kodi amwene chaka chino mwawerengako buku lanji, iye kuseka, akuti achimwene ife ndi a chipande ndi levulo, zamabuku tinazisiya ku Fomu 4. Ndinaseka nawo koma usiku umenewo tulo sitinabwere bwino.

Ine ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, komwe Amalawi tilipo ambiri ndithu moti pamaliro kapena pa chinkhoswe umaiwala kuti uli kunja. Monga ambiri a ife ndinayamba ndi ntchito yosamalira okalamba, shifiti ya usiku, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa, kenako anzanga anandiuza kuti ngati ukufuna kukwera upite ku Ivy Tech ukayambe za unamwino. Ivy Tech ndi community college ya kuno, ndipo chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti nayonso inayamba ngati sukulu ya ntchito zamanja basi, mu 1963, dzina lake linali Indiana Vocational Technical College. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono mpaka mu 2005 inakhala community college yeniyeni, yoti munthu umaphunzira zaka ziwiri nkutenga digiri yaing'ono ija amati associate, ukafuna nkupitiriza ku yunivesite. Nde musaone ngati ndikuyerekeza njovu ndi mbewa ayi, iwonso anayambira pa waya ndi sipanala ngati ife.

Nditafika kukalembetsa anandiuza kuti usanakhudze za unamwino uyambe wakhoza kaye kalasi ya kalembedwe, ENGL 111. Ndinakwiya mumtima. Ndinati ine ndabwerera jakisoni ndi mankhwala, Chingerezi ndinakhoza kale pa MSCE ndi mapointi abwino, awa akungofuna kundidyera fizi. Koma lamulo ndi lamulo, wa zamagetsi, wa zamakompyuta, wa unamwino, tonse tinathiridwa m'kalasi imodzi. Munali mayi wa ana atatu, munali mnyamata wochoka ku usilikali, munali abambo awiri ogwira ntchito m'mafakitale a ku Elkhart kuja amapanga magalimoto okhala ngati nyumba, ndi ine wochokera ku shifiti maso ali psuu, nsapato zitanyowa ndi sinowo.

Eseyi yoyamba anatipatsa kankhani kafupi kuti tiwerenge tilembepo maganizo athu. Ine ndinachita zomwe ndinazolowera kwathu, kufotokoza nkhani yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, atengambali ndi awa, phunziro lake ndi lakuti tizikondana, basi masamba atatu, Chingerezi chosalala bwino. Pepala litabwera aphunzitsi aja, mayi wachikulire wofatsa, anangolemba timawu tiwiri m'mbali totanthauza kuti "ndiye bwanji?" ndipo m'munsi anawonjezera kuti nkhaniyi ndinaiwerenga kale, sindinakufunse kuti undiuzenso, ndikufuna ndimve iweyo ukuti chani ndipo umboni wako uli pa mzere uti. Kunena zoona ndinachita manyazi, bambo wamkulu ndevu pepeya kulephera funso la mawu awiri.

Ndipomwe ndinazindikira kuti zaka zonse zija ku sekondale ine sindinkawerenga mabuku, ndinkaloweza. Pasukulu yathu buku la litilecha limakhala limodzi anthu asanu kapena kuposa, ena mpaka mayeso kufika osaligwirako, nde tinkadalira manotsi a aphunzitsi ndi timapamfuleti togula m'tauni tokhala ndi mafunso ndi mayankho ake. Ukaloweza kuti uyu ndi wankhanza, uyu ndi wachifundo, mfundo zazikulu ndi umphawi ndi chikondi, wakhoza. Sindikuwanena aphunzitsi athu, anthu aja ankalimbana ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, koma palibe tsiku ndi limodzi lomwe wina anandifunsa kuti kodi iwe ukugwirizana naye wolembayu? Komanso tinakula ndi mtima woti cholembedwa sichitsutsidwa, chili m'buku ndiye kuti ndi choona, ngati mmene mwana sayankhira akulu akamayankhula. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, eya, koma si onse olemba mabuku omwe ali akuluakulu, ena ndi atambwali chabe odziwa kutaipa.

Chomwe anatiphunzitsa kwenikweni sichinali chozizwitsa. Uyambe wanena mfundo yako imodzi momveka m'chiganizo chimodzi, yoti munthu wina atha kuikana. Kenako ubweretse umboni wochokera m'nkhani momwemo osati m'mutu mwako. Ukatero udzifunse wekha kuti munthu wosagwirizana nane anganene chani, umuyankhe mwaulemu usanamalize. Ukatenga mawu a wina unene kuti ndawatenga kwa uje tsamba lakuti, ukapanda kutero ndi kuba ndipo kuno atha kukulepheretsa kalasi yonse, pali mpaka pulogalamu ya pakompyuta yofufuza ngati wakopera pa intaneti. Ndiye ulembe, anzako awerenge akutsutse, ulembenso, upite nayo kuchipinda china komwe kumakhala anthu othandiza kalembedwe mwaulere, ulembenso kachitatu. Zinkanditopetsa koopsa. Koma ndinaona kuti zimenezi agogo anga ankazichita pabwalo la milandu kwa amfumu popanda cholembera, munthu umanena mlandu wako, umabweretsa mboni, wina amakufunsa mafunso okukola, ndipo ukangolankhula zozungulira nduna zimakubweza kuti tafika pa mfundo. Nzeru imeneyi tili nayo kale ife, kungoti tikalowa m'kalasi timaivula pakhomo ngati nsapato.

Temu yotsatira ndinatenga dala kalasi ya litilecha, popanda wondikakamiza. Titafika pa nthano aphunzitsi anati aliyense abweretse ya kwawo, ine ndinatenga ija ya Kalulu ndi chitsime, tonse timaidziwa, kunagwa chilala nyama zonse zinagwirizana kukumba chitsime Kalulu nkukana, madzi atatuluka anaika alonda koma Kalulu ankabwera ndi uchi nkumanyengerera mlonda aliyense kuti ndikumange kaye ndikulawitse, akammanga iye nkumwa madzi, kusamba, nkuvundula chitsime, mpaka Fulu ndi amene anadzamugwira ndi phula pamsana. Kuyambira ndili mwana ndinkangoti nthanoyi ndi ya kuchenjera kwa Kalulu ndi kuipa kwa ulesi. Koma nditakhala nayo pansi ndi funso lija la "ndiye bwanji?" ndinaona china. Kalulu ndi mmodzi, kanyama kochepa. Alonda aja ndi zinyama zamphamvu, Fisi, Mkango, zoti zikanangomuponda kamodzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anagonja pa ndewu, onse anapereka okha manja kuti amangidwe chifukwa cha kauchi pa lilime. Nde ndinalemba kuti nthano imeneyi si ya wakuba, ndi ya alonda ogulika, ndipo Fulu sanapambane chifukwa cha mphamvu kapena liwiro koma chifukwa uchi sunamukope. A Mkonzi, inu mumalemba nkhani za ndalama za boma sabata ndi sabata, sindikufunika kukuuzani kuti nthanoyi ikunena ndani.

Ndinkadziona ngati katswiri mpaka mnyamata wa usilikali uja atawerenga pepala langa nkundifunsa kuti koma pa chilala, nyama inzako ukuimana madzi chifukwa sinakumbe nawo, olakwa ndani pamenepo, bwanji ngati Kalulu anali ndi ana? Ndinati kukamwa yasa. Zaka zonsezi nthanoyi ndinali nayo m'mutu koma funso limeneli silinandifikepo. Ndinabwerera kukalembanso ndime yonse yomuyankha, ndinati Kalulu sanapemphe madzi nkumanidwa, anasankha chinyengo, ndipo atamwa anavundula chitsime cha anzake, zomwe munthu waludzu chabe sachita. Sanakhutire kwenikweni koma anavomera kuti umboni ulipo. Tsiku limenelo ndinasangalala kuposa tsiku lomwe ndinakhoza mayeso a za mafupa ndi minofu.

Tsono kwathu. Makoleji a m'madera anakhazikitsidwa mu 2015, mwambo wake unachitikira ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo ena ali ku Mponela, Chongoni, Naminjiwa, Aida Chilembwe ndi kwina. Ganizolo ndi labwino, ine sindilinyoza, mng'ono wanga yemweyu akanakhala akungozungulira pa tiledingi senta pano akutha kuyala njerwa mzere wowongoka. Akuti ali nalo phunziro la communication koma mmene amandifotokozera ndi la kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito ndi zina zotero. Nzofunika, koma sizokwanira. Mmisiri ameneyu mawa adzapatsidwa kontirakiti ya masamba asanu ndi bwana wina wochenjera ngati Kalulu, adzaiwerenga bwanji kuti aone pomwe pabisala msampha? Adzalemba koteshoni, kasitomala nkudzakana kulipira, adzafotokoza bwanji mlandu wake molongosoka? Achinyamata athu akupita kukagwira ntchito kunja, ena ku Joni, ena m'minda ya ku Israel kuyambira 2023 muja, onsewo amasainira mapepala. Nanga za pafoni izi, mauthenga ongotumizirana m'magulu, mankhwala ochiza matenda onse, bizinesi yoti uike 50 pin mawa ikhale 200 pin, anthu ophunzira ndithu nkumagwa nazo chifukwa palibe anawazoloweza kufunsa kuti wanena ndani, umboni uli kuti, iyeyo apindulapo chani.

Ndikudziwa ena awerenga kalatayi nkunena kuti awa akuyankhula ali pa sofa ku America, kuno makina akusowa, magetsi akuzimazima, simenti yophunzirira palibe, inu mukuti ndakatulo? Ndikumva ndithu, ndipo makinawo agulidwe. Koma taganizani, pa maphunziro onse a pakoleji, la kuwerenga ndi kulemba mozamali ndiye lotchipitsitsa. Silifuna jenereta kapena welding'i mashini, lingofuna mphunzitsi mmodzi wodziwa kufunsa mafunso, mapepala ochepa a fotokope ndi maola awiri pa sabata, ngakhale pansi pa mtengo wa mango zitheka. Aphunzitsi ake alipo, achinyamata omaliza za zilankhulo ndi litilecha ku UNIMA, ku Mzuni, ku Domasi ndi ku Nalikule ambiri angokhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito.

Ndipo chonde lisakhale la m'Chingerezi chokha. Kuganiza mozama si Chingerezi. Ine ndinavutika kawiri kuno, kuganiza ndi kumasulira, pomwe mng'ono wanga atha kuyamba ndi Chichewa, wa ku Ngara ayambe ndi Chitumbuka kapena Chinkhonde, Chingerezi chibwere pambuyo mutu utatseguka kale. Zowerenga tili nazo, a Samuel Ntara analemba Nthondo kale mu 1933, pali mabuku a John Gwengwe, a Ezra Chadza, a Willie Zingani, pali nthano, miyambi, nyimbo za pamtondo zija amayi ankadzudzulira amuna awo mophiphiritsa mwamunayo ali pomwepo osatola kanthu, pali ndakatulo zomwe zimamveka pa wailesi masiku ano, ngakhale nkhani za m'nyuzipepala yanu yomweyi ophunzira aziibweretsa m'kalasi nkumaisenda ngati chinangwa. Musakwiye a Mkonzi, zikuthandizani inunso kulemba mosamala.

Dziko lathu likudziwa bwino mphamvu ya zolembalemba, mwina kuposa America. Bungwe loona zofalitsa la Censorship Board linayamba mu 1968 chifukwa boma la nthawi imeneyo linkaopa mabuku. Anyamata a Writers Group, gulu la olemba lomwe linayamba mu 1970 ku Chancellor College, ankabisa zodzudzula zawo m'mafanizo a nyama ndi nthano zakale, ndipo a Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 nkukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Nthawi imeneyo munthu ukafunsa mafunso umasowa. Lero palibe akukumanga chifukwa chowerenga ndakatulo, koma luso lowerenga mozamalo talitsekera ku yunivesite komwe kumafika ochepa, ngati kuti wa njerwa ndi wa telala alibe nalo ntchito, chonsecho amavota nawo, amakhala m'makomiti a sukulu ndi a chitukuko cha m'mudzi, ena adzakhala makhansala.

Pempho langa kwa a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ndi unduna woona za makolejiwa ndi lakuti ayesereko pa koleji imodzi kapena ziwiri kaye, chaka chimodzi, kalasi ya kuwerenga ndi kulemba motsutsana, ophunzira azilemba tsamba limodzi sabata iliyonse anzawo nkumawayankha, kenako mudzawafunse eni akewo ngati ataya nthawi.

Mng'ono wanga uja ndinamutumizira funso la msilikali lija sabata yatha, loti kodi nyama zinalakwa kumumana madzi Kalulu. Munthu woti zamabuku anazisiya ku Fomu 4 ananditumizira voisi noti ya maminitsi asanu ndi limodzi, akuti olakwa ndi amfumu a nyamazo chifukwa ankangosintha alonda osafunsa kuti akumangidwa bwanji, ndipo akuti Fulu nayenso anachita chinyengo nde asamatamidwe kwambiri. Ndamuuza kuti alembe papepala, aike umboni, andijambulire, ndikamutumizira ya bandulo. Akuti alemba Loweruka akaweruka ku saiti.

Ndine wowerenga wanu,
South Bend, Indiana